Nandolo wa Nicanor

Mwezi wa Julaye ukafika, anthu a m'tauni yathu amasanduka amalonda onse. Munthu woti sanagulitsepo ngakhale nkhuku umamupeza pamalo omwetsera mafuta, manja ali m'mwamba, akufotokoza kuti woponya mpira wakutiwakuti mtengo wake ndi omenya awiri ndi kamnyamata kamodzi kapamwamba. Chifukwa chake n'chakuti msika wa osewera besibo, masewero oponya mpira wina n'kuumenya ndi ndodo, umatsekedwa pa tsiku lomaliza la mweziwo, ndipo matimu akuluakulu amene ayamba kununkhiza chikho amathamangira kugula akatswiri, n'kulipira ndi anyamata a m'matimu awo ang'onoang'ono. Timu yathu ya Akakowa ndi imodzi mwa ing'onoing'onoyo. Kunena mosapsatira, ife ndife khola chabe. Eni ziweto ali kumzinda waukulu, ife timangoweta n'kumaombera m'manja.

Mayi Darlene Hofstetter ankadana nawo mwezi umenewu. Iwo anali mmodzi mwa anthu amene amasunga osewera kunyumba kwawo, poti kamalipiro ka anyamata a kuno sikalimbana ndi lendi. Chimwalirireni amuna awo, a Floyd, m'chipinda cham'mwamba munagona anyamata amitundumitundu: ena osiya matawulo onyowa pansi, ena odyera pabedi maso ali pafoni, ena ochoka osatsanzika n'komwe. Mayiwo anaphunzira kuwachapira ndi kuwaphikira koma osawaika pamtima, ndipo kwa zaka zambiri zinkayenda bwino ndithu.

Nicanor ndiye anabwera kudzasokoneza dongosolo lonseli. Anali woponya mpira wochokera ku Dominican Republic, wamtali, wamapewa ngati chitseko, ndipo pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anzake a m'timu ankamutchula kale kuti agogo. Tsiku loyamba anafunsa kuti mpando wake patebulo ndi uti. Mayi Darlene, amene anali atazolowera kudya ataimirira pafupi ndi sinki, anangoloza mpando wa a Floyd. Kuyambira pamenepo sanadyenso okha. Chaka chachiwiri chino mnyamatayo anabwereranso kuchipinda chomwecho, ndipo analowa m'kadimba ka a Floyd kuseri kwa nyumba, kamene kanali katasanduka tchire, n'kukalambula, n'kudzalamo nandolo amene anabwera naye kuchokera kwawo.

A Merle, achimwene awo a mayi Darlene, ankabwera m'mawa uliwonse kudzamwa khofi waulere. Anali atapuma pantchito yoyendetsa basi ya ana asukulu, ndipo tsopano ntchito yawo inali kuyenda ndi kawailesi m'thumba la shati n'kumatsutsana nako. Nandolo uja ankamuyang'ana ndi diso la munthu wopita kukapepesa maliro.

"Iwe mnyamata, kuno ndi ku Iowa," ankatero. "Chisanu chakuno sichigogoda. Nandolo wakoyu adzafa ali mbeta."

"Abereka, amalume," Nicanor ankayankha uku akuthirira. "Ndimamulankhula m'chilankhulo cha kwathu, ndiye akuganiza kuti ali kwawo. Inu musamamuuze za Iowa."

M'mawa wina, msika utatsala pang'ono kutsekedwa, a Merle analowa osapukuta mapazi. Nicanor anali atapita kale kubwalo.

"Chemwali, mlendo wako wamveka pawailesi."

"Walakwanji?"

"Sanalakwe. Ali pamsika." Anakoka mpando n'kudzithirira khofi. "Mabwana athu a kumzinda waukulu akufuna womenya mpira wamkulu uja wa timu ya kugombe, wa mawondo olira uja. Eni ake akuti mutengeni, koma mutipatse woponya mmodzi wa ku Akakowa. Mayina ndi awiri: kamwana kaja Colby, ndi Nicanor wakoyu. Atumiza mlenje kuti adzasankhe."

Alenje, m'kalankhulidwe kathu kuno, ndi azibambo amene matimu amawatuma kukasaka osewera. Amakhala kuseri kwa ukonde, kumbuyo kwa wowakha mpira, atanyamula kamakina konga mfuti koyezera liwiro la mpira.

Mayi Darlene anapitiriza kupukuta mbale imene inali itauma kale. "Ndiye adzaona chiyani chimene sachidziwa? Si inu mumati masiku ano zonse zili m'makompyuta?"

"Dzanja amalidziwa kale. Liwiro, kupindika kwa mpira, zonsezo ali nazo. Chimene kompyuta siidziwa n'chakuti munthuyo amagona nthawi yanji, amamwa chiyani, akaluza amatani. Ndiye mlenje amayenda n'kumafunsa wogulitsa matikiti, wotchetcha kapinga, ngakhale azimayi osunga anyamata ngati iweyo. Liwu limodzi loipa, mtengo wa munthu umagwa pompo."

A Merle ananena zimenezi pongofuna kuonetsa nzeru, monga mwa masiku onse. Sanaone kuti mlongo wawo wasiya kupukuta mbale ija.

Tisabise mawu: mayi Darlene sankafuna kuti Nicanor apite. Ankaopa kuona mpando uja uli wopanda munthu, ankaopa kubwerera kukadyera pasinki. Colby anali ndi omusunga ake, banja la ana asanu, anthu oti sakanazindikira n'komwe kuti mbale imodzi yachepa patebulo. Apite ameneyo, dziko lingatani? Choncho masana ake anaphika keke ya maapozi, n'kudula chibenthu chachikulu, n'kupita nacho kubwalo. Mpando wawo wa masiku onse unali komweko kuseri kwa ukonde, ndipo mlenjeyo sanavute kumudziwa. Anali bambo wachikulire wa chipewa cha mlaza, mimba itatsogola, kamfuti kake kali pamwendo.

"Ndine Darlene. Wamtali akuwongola msana uyo amagona kwanga."

"Orville Lindqvist," bamboyo anatero akuvula chipewa. "Mayi, mwandipeputsira ntchito. Ndimati ndikufunefuneni."

Vuto linali limodzi lokha: mayi Darlene sankatha kunama. Anakulira m'kwaya ya kutchalitchi, ndipo bodza likafika pakhosi ankayamba kutsokomola mpaka misozi. Ndiye anali atakonza zoti anene zoona zokhazokha, koma ndi mawu a munthu wotopa ndi moyo.

"Bambo, ine ndingokutsinani khutu ngati munthu wamkulu mnzanga. Mnyamata ameneyu ndi mtolo. Kunja kusanache wadzuka kale, gubudu gubudu pamasitepe, ati akukathamanga. Ine tulo ta m'mawa ndinatiiwala."

"Tsiku lililonse?"

"Ngakhale Lamlungu. Ngakhale kukugwa mvula."

"Pepani kwambiri," anatero a Orville, n'kulemba kenakake pakapepala.

"Mpanda wanga wa kuseri ndiye wandiwonongera. Anajambulapo kabokosi ndi choko, ndiye amangogenda pamenepo, kugenda, kugenda, mpaka thabwa linathyoka."

"Matabwa angati?"

"Limodzi, bambo. Ena onse ali bwinobwino. Ndinamuuza kuti mwanawe, uzigendako penanso kuti mpanda uzitha mofanana, koma kuuma mutu kwake."

A Orville anasiya kutafuna keke, n'kulembanso. "Nanga kokayenda? Anzake akamapita ku mowa?"

"Ameneyo? N'pamene amandimvetsa chisoni. Mnyamata wanji wosadziwa ngakhale chitseko cha bala? Amangokhala pakhomo ngati nkhalamba, kulimbana ndi dimba. Akaluza ndiye musanene. Amakhala patebulo langa n'kumaonera kanema wa mmene adani amenyera mipira yake, kubwereza, kubwereza, chakudya n'kuzizira. Ukati zisiye izo udye, akuti dikirani amayi, ndaona pamene ndinalakwitsa. Munthu wotere mukamutenga akakutopetsani. Colby uja ndiye mwana wosangalala, aliyense m'tauni muno amamudziwa, ngakhale apolisi amamupatsa moni ndi dzina."

A Orville anapukusa mutu pang'onopang'ono, anamaliza keke yonse, n'kunena kuti pa zaka zonse zimene akhala akuyenda m'mabwalo sanakumanepo ndi mayi wothandiza chotere. Mayi Darlene anabwerera kunyumba akuimba nyimbo ya kwaya m'galimoto. Sanatsokomole ngakhale kamodzi, ndipo ankaona kuti ntchito aigwira.

Patapita masiku awiri, a Merle anabweranso ndi kawailesi kawo kakubwebweta.

"Akuti a kugombe aja apendekera kwa Nicanor. Ati mlenje wawo wapeza kuti khalidwe lake ndi losowa. Sindikudziwa kuti wamuuza ndani."

Mayi Darlene anakhala pansi. Atakakamizidwa, anafotokoza zonse, kuyambira pa keke mpaka pa apolisi. A Merle anayamba ndi kumwetulira, kenako mapewa anayamba kugwedezeka, kenako anaseka chikhakhali mpaka khofi anawatulukira m'mphuno.

"Darlene, mwana wa amayi anga, wamugulitsa wekha. Wamukulungira m'pepala, wamangapo ndi kansalu. Thabwa limodzi! Munthu amalipidwa kuti azigenda pamodzimodzi, iwe n'kukamunenera kwa mlenje kuti amagenda pamodzimodzi."

"Musandiseke, achimwene. Ndiye ndikanati chiyani?"

"Ukanandifunsa ine. Pali liwu limodzi lokha limene mlenje amaliopa." Anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa shati, n'kudzigwira pamkono. "Chigongono. Woponya mpira ukangoti chigongono chikumuvuta, alenje amathawa osatsanzika. Safunsanso kawiri, nthawi alibe. Amangotenga winayo."

A Merle atachoka, mayi Darlene anakhala nthawi yaitali akuyang'ana firiji. Sabata yapitayo mavu anali atamuluma Nicanor m'dimba, pachigongono penipeni cha dzanja loponyera. Panatupa pang'ono, ndipo madzulo aliwonse ankatenga paketi ya chimanga chozizira mufiriji n'kuikapo. Panalibe vuto lililonse, chotupacho chinali chitaphwera kale, kuyabwa kokha n'kumene kunatsala. Koma munthu atati, "Madzulo aliwonse amaika zozizira pachigongono," n'kutseka pakamwa pomwepo, angakhale atanama? Mayiwo anayesa kunena mawuwo mokweza m'khitchini mopanda munthu. Anatuluka bwinobwino, popanda chifuwa.

Madzulo oti mawa msika utsekedwa, Nicanor ndiye anaphika. Anakonza mpunga wa nandolo wa m'chitini, poti wa m'dimba anali akadali masamba okhaokha, ndi nthochi zokazinga. Foni anaiika pafupi ndi mbale, chinthu chimene sankachita, ndipo ikangowala maso ake ankathamangirako.

"Amayi, mwamva zimene akunena pawailesi?"

"Ine wailesi ya achimwene sindiimvera. Imandipweteketsa mutu."

"Akutchula dzina langa." Anaseka ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. "Ndinasaina pepala langa loyamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Chiyambireni palibe anaimapo n'kufunsa kuti, kodi uyu mungatigulitse? Anzanga amadandaula kuti tikugulitsidwa ngati mbuzi. Ine ndimati bola mbuzi yoti wina waifunsa mtengo. Enafe timangobwerera kukhola chaka ndi chaka."

"Kuno wasowa chiyani?" anafunsa mayi Darlene, maso ali m'mbale.

"Kuno sindinasowe kanthu, mukudziwa. Koma m'timu ya mabwana athu oponya ndi ambiri, mzere wake sutha, ndipo ine ndili kumchira. Uko alibe anthu. Akuti ndikhoza kukwera ku ligi yaikulu chaka chomwe chino." Anatembenuza foni n'kuwaonetsa chithunzi cha kamtsikana kopanda mano akutsogolo. "Mwana wangayu, Yaritza, amauza anzake kusukulu kuti bambo ake ndi katswiri. Anzakewo amamufunsa kuti, nanga bwanji sitiwaona pakanema? Iye amati kanema wa kwanu ndi wakale."

"Ndiye ukufuna kupita."

"Ndikufuna wina andifune, amayi. Kupitako ndiye kukundiwawa."

Anapitiriza kudya. Kenako Nicanor anadzuka, n'kutsegula firiji, n'kutenga paketi ya chimanga ija, n'kukhalanso pampando wa a Floyd ataiika pachigongono. Mayi Darlene anamuyang'ana, ndipo mtima unawawawa kawiri, chifukwa cha iye ndiponso chifukwa cha iwo eni. Anamuuza kuti mpunga wachulutsa mchere, n'kuwonjezera mpunga wina m'mbale mwawo.

Tsiku lotseka msika masewero anali a masana, dzuwa likuswa mtengo. Pa tsiku limeneli kuno palibe amaonera mpira. Maso onse amakhala pamabenchi a osewera, chifukwa munthu akagulitsidwa masewero ali mkati, kochi amapita kukamunong'oneza, iye n'kuimirira n'kuyamba kukumbatira anzake mmodzimmodzi. Ndi mmene timadziwira wailesi isananene. Chaka chatha mnyamata wina anakumbatira mnzake chifukwa mkazi wa mnzakeyo anali atachira kuchipatala, ndipo theka la tauni linamugulitsa pompo, ena mpaka kutchula ndi mzinda umene akupita. Kuyambira pamenepo anyamata athu pa tsikuli amapatsana moni chapatali.

Mayi Darlene anafika opanda keke. A Merle anakhala kumbuyo kwawo ndi thumba la mbuliwuli, ati kudzaona mmene mlongo wawo amachitira malonda. A Orville anali pamalo awo, kamfuti kali pansi, foni ili pabondo. Nkhope yawo inali ya munthu amene sanagone bwino.

"Mayi, mabwana akudikira liwu langa," anatero atapereka moni. "Kuofesi ambiri akufunabe Colby. Ndi wamng'ono, dzanja lake ndi moto. Ine mtima uli pa wanuyu. Koma pa msinkhu wake thupi la woponya limayamba kubisa zinthu, ndipo anyamatawa sanena, amaopa. Inu mumamuona pakhomo. Pali chilichonse cha m'thupi mwake chimene ndiyenera kudziwa?"

Mawu aja anali okonzeka. Mayi Darlene anali atawabwereza m'galimoto njira yonse. Anayang'ana kutali, kumapeto kwa bwalo kumene oponya odikira amakhala. Anyamata ena anali kugendana ndi makoko a njere za mpendadzuwa. Nicanor anali atakhala payekha kumapeto kwa benchi, chipewa chili m'manja, akuchizunguliza.

"Chigongono," anatero mayi Darlene.

Cholembera cha a Orville chinaima. Kumbuyo, a Merle anasiya kutafuna.

"Madzulo aliwonse amaikapo zozizira."

A Orville anapuma mozama, n'kutambasula dzanja kuti atenge foni. Apa ndiye panali pothera. Chimene chinatsala n'kungotseka pakamwa, kuyang'ana mpira, ndipo madzulo ano mpando uja ukanakhala ndi munthu, mawa chimodzimodzi, mwina mpaka chaka chamawa. Mayi Darlene anatsekadi pakamwa. Ndiye pakhosi panayamba kuyabwa. Anameza malovu, koma chifuwa chija chinabwera ndi mphamvu, chowagwedeza mapewa, mpaka a Merle anawamenya kumsana.

"Mavu," anatero atapeza mpweya, misozi ili m'maso. "Mavu anamuluma m'dimba sabata yatha. Palibe china. Amaikapo chimanga changa cha mufiriji chifukwa cha kuyabwa, ndipo wandithera mapaketi. Chisa chake chili pansi pa denga la shedi, mukafuna tipite mukachione, mwina akulumeniko inunso. Ndikukuuzani kuti madokotala anu akakaona kachipsera asakayambe nthano. Dzanja limenelo ndi lamphamvu kuposa mpanda wanga."

A Orville anawayang'ana kwa kanthawi. Anali munthu woyenda, ndipo ndikukhulupirira kuti anamva zonse, zonenedwa ndi zosanenedwa. Sanafunse kanthu. Anangoti, "Zikomo, mayi," n'kudzuka ndi foni yawo.

"Dikirani kaye," anatero mayi Darlene akupukuta m'maso. "Mukawauze mabwana anuwo kuti uku n'kuba. Mnyamata ngati uyu kumusinthanitsa ndi nkhalamba ya mawondo olira?"

"Mayi, nkhalambayo ndi yathu. Ndife tikugulitsa."

"N'chifukwa chake ndikuti mwatibera. Muwonjezerepo kena kake, anthu angamaseke."

"Ndikawauza," anatero a Orville, n'kutsika masitepe atavula chipewa.

A Merle anawerama n'kunong'ona kuti, "Chemwali, unali utawina."

"Idyani mbuliwuli zanu, achimwene."

Masewero anapitirira, ngakhale palibe amene angakuuzeni amene ankatsogola. Dzuwa litapendeka, kochi wa oponya anaoneka akuyenda m'mbali mwa bwalo, manja ali m'thumba, ngati munthu wongowongola miyendo. Anadutsa Colby. Anafika kumapeto kwa benchi n'kuika dzanja paphewa la Nicanor. Mnyamatayo anamvetsera, anagwada mutu, kenako anaimirira n'kukumbatira amene anali naye pafupi. Anakumbatira wachiwiri, wachitatu. Manong'onong'o anayenda m'bwalo lonse, anthu akulozerana, mafoni akutuluka m'matumba, ndipo kenako wina anayamba kuomba m'manja, ena n'kutsatira.

"Wapita," anatero a Merle, ndipo ulendo uno sanawonjezere nzeru iliyonse.

Nicanor sanalowere kuchipinda chovulira monga amachitira ena. Anayenda ndi chikwama chake mpaka kuseri kwa wowakha mpira, pamene panali mayi Darlene. Pakati pawo panali ukonde uja, wautali mpaka kudenga, moti kukumbatirana kunali kosatheka. Anangolowetsa zala m'mabowo, mayiwo n'kuzigwira.

"Amayi, andifuna."

"Ndaona, mwanawe. Masokosi ako ali pachingwe, usawaiwale."

"Ndege ndi ya madzulo ano. Nandolo uja..."

"Ndamva. Pita, ukutchinga anthu."

Anapita akuseka uku akulira, ndipo mayi Darlene anakhala pampando wawo mpaka masewero anatha. Zinawapweteka monga mmene ankaopera, osachepera ngakhale pang'ono.

Sabata yotsatira timu inawatumizira mnyamata wina wa ku Texas, waulemu wake ndithu, koma wodyera pabedi. Womenya wa mawondo olira uja anafika kwa mabwana athu, n'kumenya bwino masabata awiri, mawondo n'kumalizika, ndipo a Merle anauza aliyense pamalo omwetsera mafuta kuti iwo anali ataneneratu. Mu Seputembala Nicanor anaonekadi pakanema, atavala malaya a timu ya kugombe. Tsiku loyambalo omenya a timu inayo anaimenya koopsa mipira yake. Mayi Darlene anazimitsa kanema n'kunena kuti kwinakwake chakudya chikuzizira patebulo, ndipo palibe womuuza kuti adye.

Nandolo uja ankamuthirira m'mawa uliwonse. Chilankhulo cha kwawo sankachidziwa, ndiye ankangomufunsa kuti wadzuka bwanji, n'kupewa kutchula za Iowa. Anakula mpaka m'chifuwa, ndipo kumayambiriro kwa Okutobala anatulutsa timaluwa tachikasu. Sabata yomweyo kawailesi ka a Merle kanalengeza kuti chisanu choyamba chigwa usiku wake.

A Merle anabwera masana kudzanena kuti si ndinanena. Anapeza mlongo wawo ali m'dimba ndi fosholo ya a Floyd, atakumba mozungulira phata limodzi lalikulu, chidebe chochapira chili pambali.

"Ukutani kodi?"

"Mukuona. Gwirani uku, musangoima ngati mlenje."

Ananyamulizana, a Merle akudandaula za msana, dothi likutayikira pamasitepe, mpaka m'khitchini. Mnyamata wa ku Texas anali atapita kwawo ligi itatha, ndipo m'nyumba munali zii. Mayi Darlene anasuntha mpando wa a Floyd n'kuika chidebecho pamalo pake, pafupi ndi zenera, nthambi zikukhudza tebulo.

"M'nyumba sabereka ameneyu," anatero a Merle akupuma wefuwefu.

"Sindinamupemphe kuti abereke."

"Ndiye umuikiranso mbale?"

Mayi Darlene anapukuta dothi patebulo. Anasamba m'manja, anapakula chakudya chawo, n'kudutsa sinki, n'kukakhala patebulo moyang'anizana ndi timaluwa tija.

"Chinthu chimodzi, achimwene," anatero atanyamula foloko. "Uyu musakamutchule kwa anzanu a pawailesi. Sali pamsika."